Mayeso a Mthuthuthu Wokalamba

Chaka chilichonse, Okutobala akangolowa, ndimatenga njinga yanga yamoto n'kupita nayo kugalaja ina yaing'ono kunja kwa mzinda wa Leicester, kuno ku Mangalande, kuti akaiyeze ngati ili yoyenerabe kuyenda pamsewu. Pakhomo pa galajayo pali chikwangwani chabuluu chosonyeza kuti boma linawaloleza kuchita mayeso otchedwa MOT. Ndimalipira mapaundi 29.65, mtengo womwe lamulo silimalola galaja iliyonse kupitirira pa njinga yamoto yopanda ngolo ya m'mbali. Kenaka ndimakhala pabenchi n'kumayang'ana bambo wina wa imvi akugwedeza, kukoka ndi kusuzumira chinthu chomwe chimandidyetsa.

Njingayo ndi Honda CG125 ya mu 1989. Ndinaigula mu 2018 kwa mkulu wina amene bondo linali litayamba kumukana kuponda kiki. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'mudzi wina womwe basi yoyamba imafikako ntchito itayamba kale. Chiphaso cha MOT chikatha sindiloledwa kuyendetsa njingayo, ndipo atandigwira akhoza kundilipiritsa mpaka mapaundi 1,000. Njinga ikaima, mashifiti a m'mawa aima, ndipo ndalama za fetereza zomwe ndimatumiza ku Ntchisi mu Novembala zaimanso. Choncho theka la ola la pabenchi paja silikhala lamasewera.

Komatu pa maulendo asanu ndi limodzi omwe ndapita nayo kumayeso, yalephera kamodzi kokha. Anzanga a kuntchito omwe ali ndi magalimoto a zaka khumi kapena khumi ndi ziwiri amabwerako ndi mndandanda wa zokonza wautali ngati wa kusitolo. Poyamba ndinkati ndi mwayi chabe. Nditayamba kufufuza mbiri ya mayesowa ndinaona kuti nkhani ya ukalamba wa makina yakhala ikuzunguza boma la Britain kwa zaka zoposa 60, ndipo pa zaka zimenezo boma linasintha maganizo pang'onopang'ono mpaka kufika potsutsana ndi pomwe linayambira.

Mayesowa anayamba mu 1960, nduna ya zamtengatenga ili Ernest Marples. Dzina loti MOT ndi zilembo zoyamba za unduna wake m'Chingerezi. Undunawo unasintha dzina kalekale koma zilembo zinatsala. Pa nthawiyo misewu ya Britain inali ndi magalimoto ndi njinga zambiri zopangidwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe. Nkhondo itatha, mafakitale anauzidwa kuti katundu watsopano azigulitsa kunja kuti dziko lipeze ndalama, motero munthu wamba ankangokonza chakale chomwe anali nacho, kumanga ndi waya apa, kuwotcherera apo. Mu 1960 anthu pafupifupi 7,000 anafa pa ngozi za pamsewu. Marples anali atangotsegula kumene msewu waukulu wa M1 mu Novembala 1959, msewu wothamangapo, ndipo zinali zoonekeratu kuti ziphapha zopanda mabuleki sizingasiyidwe kuti zizithamangapo mwachisawawa. (Mkuluyu, amene anaphunzitsa dziko lonse kutsata malamulo a pamsewu, anadzathawira ku Monaco mu 1975 pozemba nkhani za msonkho. Imeneyo ndi nkhani ina.)

Lamulo loyambalo linaloza chala ukalamba basi. Galimoto kapena njinga yamoto ikakwana zaka khumi inkayenera kuyezedwa chaka ndi chaka, ndipo anthu anangowatcha mayeso a zaka khumi. Oyeza ankayang'ana zinthu zitatu zokha: mabuleki, nyali ndi chiwongolero. Kuyambira Seputembala 1960 munthu ankapita mwa kufuna kwake, koma mu Febuluwale 1961 kunakhala kokakamiza. Zolephera zinachuluka kwambiri moti pa tsiku lomaliza la 1961 malire anatsitsidwa kufika pa zaka zisanu ndi ziwiri. Pofika Epulo 1967 anali pa zaka zitatu, pomwe ali mpaka lero, ndipo mu 1968 matayala anawonjezedwa pa zoyang'anidwa. Kutsika kwa malireku ine ndimakuwerenga ngati kuvomereza: boma linapita kukasaka mdani pakati pa nkhalamba, n'kupeza kuti mabuleki akutha ndi nyali zothima zilinso pakati pa achinyamata.

Nanga njinga zamoto zomwe zinkalowa m'magalaja a 1960 zinali zotani? Zambiri zinali za konkuno. M'zaka za m'ma 1950 kampani ya BSA ya ku Birmingham inali yaikulu kuposa ina iliyonse padziko lonse pa kupanga njinga zamoto. Kanjinga kake kotchuka, Bantam, kanayamba kupangidwa mu 1948 potengera mapulani a DKW RT 125 ya ku Germany, omwe a Britain anawatenga ngati malipiro a nkhondo. Anyamata a kupositi onyamula matelegalamu ankathamanga pa ma Bantam ofiira. Mabanja omwe sakanatha kugula galimoto ankamangirira ngolo m'mbali mwa njinga yaikulu, mayi ndi ana m'ngolomo, bambo pachishalo mvula ikumumenya.

Zina mwa njinga zimenezi zinafika ku Nyasaland. Agogo anga aamuna ankasimba za wansembe wa kumishoni kwawo amene ankabwera kudzachititsa mapemphero pa mthuthuthu wakuda. Akauimika pansi pa mtengo, ana ankathamangira kukaona oyilo yemwe wadontha pafumbi, n'kumauzana kuti mthuthuthu wakodza. Dzina limeneli n'lachibale ndi isithuthuthu ya Azulu ndi mudhudhudhu wa Ashona: tonse tinatchula chinthucho potsanzira kulira kwa injini yake. Oyilo wodonthayo sinali nthabwala ya ana a kumudzi okha, eni ake a ku Britain ankasekanso njinga zawo pa chifukwa chomwecho. Pofika 1973 BSA inali itagwa, msika utalandidwa ndi Honda, Yamaha, Suzuki ndi Kawasaki.

Tibwerere kugalaja ya ku Leicester, chifukwa kuti munthu amvetse chomwe njinga yokalamba imakhozera, ayenera kudziwa mafunso omwe imafunsidwa. Bambo wa imvi uja sayamba ndi injini. Ndipotu m'kati mwa injini, kalachi ndi magiya simuli pa mndandanda wake, ndipo utsi wa njinga yamoto sauyeza ngati momwe amachitira ndi wa galimoto. Iye amayatsa nyali zonse, kuliza hutala, kuponda buleki n'kuona ngati nyali yofiira ya kumbuyo yayaka. Amatukula tayala lakutsogolo n'kutembenuza mahandulo pang'onopang'ono, kumanja kenaka kumanzere, akumvetsera ndi zikhatho ngati pena pakukakamira. Amagwira tayala lililonse n'kuligwedeza kuti amve maberingi. Amayeza mizere ya tayala, yomwe iyenera kuzama osachepera milimita imodzi. Amakoka tcheni, amagogoda masipoko, amasuzumira dzimbiri pafilemu, amanunkhiza ngati petulo akutayika. Pomaliza amakweza njinga pamakina ogudubuza oyezera mabuleki. Mphamvu ya buleki imodzi iyenera kufika 30 peresenti ya kulemera kwa njinga ndi wokwerapo, inayo 25 peresenti. Basi.

Pa mndandandawu pali chifundo china chomwe ambiri sachidziwa: njinga imaweruzidwa ndi malamulo a nthawi yomwe inabadwa. Yomwe inayamba kuyenda chaka cha 1986 chisanafike siikakamizidwa kukhala ndi maindiketa. Mkono wa woyendetsa ndi wokwanira, monga zinalili kale. Ma peresenti 30 ndi 25 ajanso ndi otsika moti mabuleki akale a dilamu, ngati anga, akamangidwa bwino amawadutsa mosavuta. Woyeza safunsa ngati njinga ya 1970 ingafanane ndi ya chaka chino. Amafunsa ngati ikuchitabe zomwe inapangidwira.

Njinga yangayo ili ndi mwayi winanso, wa chibadwidwe. Mu 1974 akatswiri a Honda anayendera mayiko monga Thailand, Indonesia ndi Pakistan kukaona momwe anthu ankagwiritsira ntchito njinga zawo. Anapeza njinga imodzi itanyamula banja lonse, oyilo osasinthidwa mpaka kusanduka phala lakuda, ndipo munthu akumapita kwa makaniko pokhapokha njinga itakaniratu kulira. Atabwerera ku Japan anapanga injini yosalira zambiri, yotsegula mavavu ndi timitengo tachitsulo m'malo mwa katcheni ka m'kati, yoti ipirire oyilo wakuda ndi katundu wolemera. CG125 inatuluka mu 1975, ndipo kuyambira 1976 inkapangidwanso ku Manaus, m'dziko la Brazil, komwe yanga inachokera. Nthawi zina ndimaseka ndekha panjira: njinga yomwe anaipangira anthu ngati ife inazungulira dziko lonse kuti idzandipeze ku Leicester. Ilibe kompyuta, ilibe nyali zochenjeza zomwe zingayake popanda chifukwa, ndipo pafupifupi chilichonse chomwe bambo wa imvi uja amayang'ana ndikhoza kuchiyang'ana ndekha pakhomo ndi sipanala ziwiri.

Koma chitsulo chokha sichingafotokoze zonse. Ziwerengero za bungwe la DVSA, lomwe limayang'anira mayesowa, zimasonyeza kuti mwa njinga zamoto khumi zilizonse, zolephera ulendo woyamba sizikwana ziwiri, pomwe pa magalimoto khumi amalephera pafupifupi atatu. Cholepheretsa chachikulu pa njinga ndi nyali, kenaka mabuleki. Kunena zoona, ambiri amagwa chifukwa cha babu lomwe lapsa kapena waya yemwe wadyedwa ndi chinyezi, zinthu zoti munthu akanaziona akanangozungulira njinga yake kamodzi asananyamuke. Woyendetsa galimoto akhoza kukhala mwezi wathunthu osadziwa kuti tayala lakumbuyo lasalala. Wa njinga amalimva m'matako pa kona yoyamba yonyowa, ndipo amadziwa kuti likaterereka chokhudza phula ndi khungu lake. Tisaiwalenso kuti kuno njinga zambiri si zogwirira ntchito ngati yanga. Ndi zosewerera, zimatuluka Lamlungu la dzuwa ndipo nyengo yozizira, pamene boma limathira mchere m'misewu kuti madzi asaundane, zimagona m'nyumba zitafunditsidwa.

Pa njinga zokalamba kwenikweni nkhani imakula. Njinga yomwe yafika zaka 35 kapena 50 ndi yotsala pa zinzake zikwizikwi zomwe zinapita kale kwa ogula zitsulo. Zosasamalidwa zinafa zili ndi zaka khumi ndi zisanu, m'manja mwa mwini wachinayi amene anaigula motchipa ndipo sankafuna kuwonongerapo ndalama. Zomwe zinadutsa msinkhu woopsawo zinadutsa chifukwa zinagwera m'manja mwa munthu wozikonda. Ndiye tikamanena kuti njinga zakale zimakhoza mayeso, tikuwerenga opulumuka okha.

Boma linafika pa mfundo yomweyi. Mu Novembala 2012 linachotsa pamayeso magalimoto ndi njinga zonse zopangidwa 1960 isanafike, ponena kuti eni ake amazisamala, zimayenda mitunda yochepa, ndipo zimalephera mayeso mocheperapo kusiyana ndi zatsopano. Pa 20 Meyi 2018 linapitiriza: chilichonse chomwe chakwana zaka 40, malinga ngati sichinasinthidwe kwambiri m'zaka 30 zapitazo, sichikakamizidwanso kuyezedwa. Taganizani, ziphapha zomwe Marples anakhazikitsira mayeso mu 1960 ndi zomwezo zomwe zinayamba kumasulidwa. Chodabwitsa n'chakuti boma litafunsa maganizo a anthu lisanakhazikitse lamulo la zaka 40, ambiri mwa omwe anayankha anakana, kuphatikizapo ena okhala ndi magalimoto akalewo. Mfundo yawo ndimaimva: munthu ukamakonda chinthu, maso ako amachikhululukira. Boma linapitirirabe, ngakhale lamulo loti chilichonse choyenda pamsewu chikhale chabwinobwino silinachotsedwe.

Ine ndikuganiza kuti omwe anakanawo ankanena zoona, ndipo umboni wanga ndi ulendo umodzi uja womwe ndinalephera.

Unali mu 2020. Chiphaso changa chinkatha mu Epulo, koma chifukwa cha mliri wa Covid-19 boma linawonjezera miyezi isanu ndi umodzi kwa onse omwe ziphaso zawo zinkatha kuyambira pa 30 Malichi mpaka kumapeto kwa Julayi. N'chifukwa chake mpaka lero mayeso anga amagwa mu Okutobala. Miyezi imeneyo ndinkagwira mashifiti awiri motsatizana, anzathu ambiri akudwala, okalamba athu akumwalira. Ndikafika kunyumba ndinkangoimika njinga n'kukagona. Chizolowezi changa choiyang'ana Loweruka lililonse chinatha osadziwa. Mahandulo anayamba kulemera pang'ono pakati, koma manja anga anazolowera tsiku ndi tsiku, monga munthu amazolowera chitseko chokakamira cha nyumba yake.

Bambo wa imvi uja atatukula tayala lakutsogolo anatembenuza mahandulo kawiri kokha, n'kundiitana ndi chala. Anandigwiritsa mahandulowo n'kunena kuti nditembenuze ndekha. Pakati penipeni panali kamphako, mahandulo ankagweramo n'kukakamira. Maberingi a m'khosi mwa njinga anali atadyeka. Kuwonjezera apo, nyali ya buleki sinkayaka ndikagwira buleki ya kudzanja. Ndinali nditayenda choncho mumdima wa m'mamawa kwa milungu ingati, magalimoto akunditsatira m'mbuyo? Sanandikalipire. Anangolemba pepala lake. Maberingi anatenga masiku anayi kuti afike, ndinataya mashifiti atatu, ndipo chaka chimenecho fetereza anachepa ndi thumba limodzi. Njinga inali yomweyo yomwe inakhoza mu 2019 ndiponso yomwe inadzakhoza mu 2021. Chomwe chinasintha ndi ine.

Mayiko sagwirizana pa nkhaniyi. Ku Germany njinga yamoto imayezedwa zaka ziwiri zilizonse. Ku Japan mayeso amakhudza zokhazo zoposa 250cc. Ku Netherlands kulibe mayeso otere a njinga zamoto, ndipo ku France anayamba mu Epulo 2024 okwera njinga atachita zionetsero zokana kwa zaka zambiri. Ku South Africa galimoto ya munthu payekha imayezedwa makamaka ikamasintha mwini. Kulikonseko, chiphaso chimangonena za tsiku limodzi. Tonse tinamvapo za munthu wobwereka matayala kwa mnzake m'mawa, n'kukawabweza madzulo pepala lili m'thumba.

Kwathu tili ndi chiphaso chathu cha COF, koma njinga zambiri za kabaza sizinalembetsedwe n'komwe, nkhani yomwe nyuzipepala zakwathu zalemba kambirimbiri. Nditapita kumudzi mu 2023 ndinakhala pa siteji ndikuyang'ana anyamata a kabaza. Injini zambiri za njinga zawo za ku China ndi zidzukulu za mapulani a Honda, ena a CG yomweyi, ena a Super Cub, moti kulira kwake ndinakuzindikira ndisanatembenuke. Njinga zinali zonyezimira, zina zisanathe zaka ziwiri. Chikomekome cha mkuyu: ina buleki yakutsogolo anaichotseratu, ina tayala likuonetsa ulusi, ina nyali yam'mbuyo ndi chibowo chabe. Sindikuwaweruza anyamatawo. Ambiri njinga si yawo, mwini wake amafuna ndalama yake madzulo aliwonse, ndipo tsiku loimika njinga kuti ikonzedwe ndi tsiku logona ndi njala. Ndinakumbuka 2020 yanga. Njinga ya zaka ziwiri yonyamula matumba atatu a chimanga ndi anthu awiri pa msewu wa mabampu ndi yokalamba kuposa yanga ya zaka 35, ndipo lamulo la Marples lowerenga zaka likanaidutsa osaiyang'ana.

Bambo anga ankayang'anira alangizi a zaulimi m'zaka za m'ma 1980 ndipo ankayendera Yamaha. M'mawa uliwonse, asanamwe tiyi, ankagwada pambali pake n'kugwira tcheni, kufinya matayala, kuyesa mabuleki akukankha njinga pabwalo. Ine ntchito yanga inali kuima kumbuyo n'kufuula kuti nyali yofiira yayaka. Nditawafotokozera pafoni za lamulo la zaka 40, anakhala chete pang'ono.

"Ndiye kuti yakoyo ikafika 2029 sadzaiyang'ananso?"

"Eya, Bambo. Ndikafuna ndikhoza kusiya."

"Nanga iweyo udzakhala ndi zaka zingati? Maso ako adzakhala akuona bwino kuposa lero?"

Sindinawayankhe, ndipo anasintha nkhani n'kuyamba kufunsa za mtengo wa mbewu.

Okutobala wathayu, ndili pabenchi paja, kunabwera gogo wina akukankha Bantam yobiriwira ya m'ma 1960. Lamulo silimukakamiza, koma woyeza anandiuza kuti mkuluyo amabwera nayo chaka chilichonse n'kulipira mapaundi ake 29.65 ngati wina aliyense. Njingayo inali yowala ngati yochokera kufakitale dzulo. Woyeza anaizungulira mwaulemu, anagwada kumbuyo, n'kuloza pa kachitsulo kokoka buleki ya kuphazi. Kapini kotsekera kanali katagwa, osadziwika liti. Gogoyo anavala magalasi ake, anawerama, anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anatukwana pansipansi. Woyeza anatsegula kabati yake n'kutulutsa kapini kena.

Yanga inakhoza. Pansi pa pepala analembapo chenjezo limodzi, loti tayala lakutsogolo latsala pang'ono kufika pamalire. Ndinajambula pepalalo n'kuwatumizira bambo pa WhatsApp. Yankho linabwera madzulo, ndili kuntchito, kudzera pafoni ya mlongo wanga: akufunsa kuti tayalalo ndagula kale kapena ndikudikira kuti mzungu adzandiuze kachiwiri.